Nkhuku Yopanda Mafupa

Mkangano umene udabala nkhani ino udabuka m'chipinda chodyera tsiku lina masana. Tsikulo kudali nyama ya ng'ombe, koma ine ndidapempha ndiwo ija tonse timaitcha nyama ya soya. Mnzanga wina wophunzira malamulo, munthu wosafuna kuona mlandu ukugona, adasuzumira m'mbale mwanga nati, "Achimwene, ine ndidamva kuti mudaleka nyama chifukwa chomvera chisoni ziweto. Nanga ichi n'chiyani? Ng'ombe mwaileka koma chithunzi chake mukudya. Mwamuna amene walekanadi ndi mkazi sasunga chithunzi chake kunsi kwa pilo." Onse amene adali patebulopo adafa nalo phwete, inenso ndidaseka nawo, koma nsima ija siidatsikenso bwino. Pa nthawiyo ndidalibe yankho. Ndakhala ndikulisinkhasinkha funsolo kwa masabata angapo, ndipo zimene ndapeza ndati ndiziyale pano kuti anzanga muziweruze.

Tikachotsapo nthabwala, funso la mnzangayo ndi ili: munthu akasiya chinthu poganiza kuti n'choipa, koma n'kumakondwerabe ndi china chofanana nacho, kodi wasiyadi kapena akungodzinamiza? Nyama ya soya yathuyi ndi ya dzulodzulo, yopangidwa ndi makina kuchokera ku ufa wa soya wochotsedwa mafuta, kotero kuti ilibe mbiri yoti ingatiphunzitse zambiri. Koma ku China ndi ku Japan funso lomweli lakhala likuzunguza anthu kwa zaka zoposa 1,000, ndipo kumeneko lidakhazikika pa chakudya china cha soya chotchedwa tofu. Popeza safunsa adadya phula, tiyeni tikafunse kwa eni ake. Koma poyamba ndifotokoze chimene tofu ali, pakuti ambiri a ife dzinali timangoliona m'mabuku.

Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo ine ndakuyesa kangapo ndi zipangizo za pakhomo. Mumaviika makapu awiri a soya m'madzi usiku wonse. M'mawa mumamsinja mumtondo kapena kumpera mpaka akhale phalaphala, n'kuthirapo madzi ambiri, kenaka n'kufinya m'kansalu koyera. Zimene zatuluka ndi madzi oyera ngati mkaka. Zotsala m'kansalu ndi gaga, amene Ajapani amamutcha okara ndipo samtaya. Mkakawo mumauwiritsa kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, maso ali pamphika chifukwa thovu lake silichedwa kusefukira. Kuwiritsaku n'kofunika, popeza soya wosapsa ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa m'mimba kugaya bwino chakudya. Mukaphula, mumathiramo pang'onopang'ono madzi a mandimu atatu, n'kuvundikira. Posakhalitsa mkaka uja umagwirana ngati chambiko, madzi achikasu n'kupatukana nazo zoyerazo. Zoyerazo mumazikuta m'nsalu, n'kuzitsendereza ndi mwala kwa theka la ola. Mukamasula mupeza chibuma choyera, chofewa, chodulika bwino ndi mpeni. Ameneyo ndiye tofu. Ku China, m'malo mwa mandimu amathiramo ufa wa mwala wofewa wotchedwa gypsum, pamene ku Japan amakonda nigari, madzi owawa amene amatsala popanga mchere wa m'nyanja. Amene adaonapo agogo akucheza chidulo sangadabwe kuti wophika amadziwa kufuna mankhwala ake m'phulusa ndi m'miyala.

Mukamlawa payekha tofu mudzakhumudwa, chifukwa kakomedwe kake n'kapatali, kongonunkhira nyemba pang'ono. Komatu mphamvu yake ili pomwepo. Amamwa msuzi uliwonse umene mwamuikamo monga m'mene thonje limamwera madzi. Mukamduladula, kumuwaza mchere ndi kumkazinga m'mafuta otentha mpaka afiire, kunja amakhala wokhuthara, m'kati wofewa. Mukamponya m'tomato ndi anyezi amasanduka ndiwo yodyera nsima. Ali ndi mapuloteni ochuluka omanga thupi, ndipo wopangidwa ndi gypsum amakhalanso ndi mchere uja wolimbitsa mafupa. Chakudya chotere, chimene chilibe liuma, n'chosavuta kuchiveka maonekedwe a china.

Achina amasimba kuti tofu adamtulukira ndi Liu An, kalonga wa ku Huainan amene adamwalira m'chaka cha 122 B.C., koma iyi ndi nthano imene idadza pambuyo pake. Buku loyamba lodziwika kutchula tofu ndi la m'zaka za m'ma 900, lotchedwa Qing Yi Lu, limene amati adalemba ndi Tao Gu. M'menemo muli nkhani ya wachiwiri kwa bwanamkubwa wa ku Qingyang, munthu wosakonda kuwononga, amene sadali kugula nyama koma tofu tsiku ndi tsiku, mpaka anthu a m'deralo adayamba kutcha tofu kuti nkhosa ya bwana wamng'ono. Taonani, anzanga: tsiku loyamba limene tofu akuonekera m'mabuku akumutcha kale dzina la nyama. Ndisakunamizeni kuti Achina onse amadya tofu pothawa nyama. Ndiwo yotchuka ya ku Sichuan yotchedwa mapo tofu imaphikidwa ndi nyama yogaya ndi tsabola wambiri. Kwa anthu wamba tofu ndi ndiwo ngati ina iliyonse. Amene adamsandutsa mlowam'malo wa nyama ndi amonke a chipembedzo cha Chibuda.

Pachiyambi ku India amonke a Buddha sadali oletsedwa nyama kotheratu. Iwo adali kuyenda ndi mbale khomo ndi khomo, n'kudya chimene apatsidwa. Lamulo lidali lakuti nyama angathe kulandira pokhapokha ngati sadaone, sadamve, ndiponso sakukayikira kuti chiwetocho adachiphera iwowo. Devadatta, mbale wake wa Buddha, atafuna kuti nyama ndi nsomba ziletsedwe kwa amonke onse, Buddha adakana kulisandutsa lamulo. Mpaka lero amonke a ku Thailand ndi Sri Lanka ambiri amatsata lamulo lakalelo. Koma chipembedzochi chitafika ku China zinthu zidasintha. Amonke adakhala ndi minda ndi makhitchini awoawo, ndipo munthu wodziphikira yekha sanganene kuti ndangodya chimene ndapatsidwa. Mfumu Wu ya ufumu wa Liang, imene idalamulira kuyambira 502 mpaka 549, idalamula amonke ndi masisitere a Chibuda kuleka nyama ndi mowa. M'chaka cha 517 idaletsanso kupha ziweto popereka nsembe kwa makolo, ndipo m'malo mwake adayamba kuumba ziweto za ufa. Anthu ambiri adadandaula, ati mizimu ya makolo yamanidwa magazi, koma mfumu siidabwerere m'mbuyo.

Kuchokera m'makhitchini a amonke ndi m'nyumba zodyera zozungulira akachisi mudatuluka luso lodabwitsa. Amatenga tofu wopyapyala ngati nsalu, kumkulunga zolimba, kum'manga ndi chingwe ndi kumuwiritsa; akamdula amaoneka ngati chidale cha nkhuku, ndipo dzina lake ndi su ji, ndiye kuti nkhuku ya osadya nyama. Kakhungu kamene kamayandama pamwamba pa mkaka wa soya ukamawira amakayanika, kukapinda kangapo ndi kukakazinga, n'kukhala bakha wopanda nthenga. Ku Japan, kumene Mfumu Tenmu mu 675 idaletsa kudya ng'ombe, akavalo, agalu, anyani ndi nkhuku kwa miyezi ingapo ya chaka, ndipo kudya ziweto kudakhala chinthu chonyansidwa nacho mpaka Mfumu Meiji itadya nyama mu 1872, kuli ndiwo yotchedwa ganmodoki: tofu wophwanyaphwanya, wosakaniza ndi karoti ndi ndiwo za m'nyanja, woumbidwa timibulu n'kukazingidwa. Dzinalo limatanthauza chofanana ndi tsekwe. Choncho chimene mnzanga adachiona m'mbale mwanga chili ndi makolo ake.

Tsono ndiike mlandu wa mnzangayo pamalo ake, ndipo ndiulimbitse kuposa m'mene iye adaunenera, chifukwa kugwetsa munthu wa udzu si kulimba. Mfundo yoyamba ndi yakuti ubwino kapena kuipa kwa munthu kumakhala mumtima. Ife amene tidakulira m'tchalitchi timakumbukira chiphunzitso cha pa phiri chakuti chigololo chimayambira m'maso, munthu asanakhudze n'komwe. Ngati zili choncho, mmonke amene akutafuna tofu kwinaku mtima uli pa nkhuku wadya kale nkhukuyo. Aphunzitsi ena a Chibuda nawonso amatsutsa ndiwo zofanizirazi pa chifukwa chomwechi. Mfundo yachiwiri ndi yakuti chofanizira chimasunga nkhuli yamoyo. Chili ngati khala lokwiriridwa m'phulusa, limene mphepo ikangowomba limayakanso. Munthu wofuna kusiya asiye ndithu, lilime liiwale. Apo ayi adye nyama yeniyeniyo poyera. Mapanga awiri avumbwitsa. Mfundo ziwirizi si zopepuka, ndipo kwa masiku angapo ndidaganiza kuti zandigonjetsa.

Chidandibweza ndi funso laling'ono: kodi wanamizidwa ndani? Bodza limafuna anthu awiri, wonama ndi wonamizidwa. Wogulitsa m'sitolo akandipatsa tofu n'kundiuza kuti ndi nkhuku, ameneyo ndi wakuba. Koma mmonke wophika akudziwa chimene waphika, wodya akudziwa chimene akudya, ndipo dzina la ndiwoyo likudziulula lokha kuti ine ndine chofanizira. Mwana woumba ng'ombe zadothi kudambo sitimutcha wabodza, ngakhale aziikire nyanga ndi linunda. Tingathe kunena kuti munthuyo akudzinamiza yekha, koma apanso sindikuona bodza. Amene akudzinamiza ndi uja wonena kuti ine nyama sindiifunanso, pamene fungo la kanyenya likamudutsa malovu amadzaza m'kamwa. Wodya nkhuku ya tofu wavomera poyera kuti nkhuli ikadalipo. Mbale yake ikunena zoona zokhazokha: ndikuifuna, koma sindiipha.

Funso lachiwiri ndi ili: kodi nyamayo ndidaisiyira yani? Pali njira ziwiri zosalira chakudya. Ena amasala kuti adziyeretse okha, monga amachitira munthu pa nyengo ya Lenti kapena wosunga mdulo. Kwa wotereyu mnzanga akunena zoona, chifukwa ngati cholinga ndi kuweta mtima, kuusangalatsa ndi chofanizira n'kubwezera ntchito m'mbuyo. Koma ena amasala chifukwa cha wina, ndiye chiwetocho, chimene chimamva ululu, chimaopa mpeni, ndipo chikapeza mpata chimathawa. Ine ndili m'gulu lachiwirili. Tsono ngati ndidasiyira nkhuku, woweruza mlandu wanga ndi nkhukuyo. Iyo siifunsa zimene zili mumtima mwanga pamene ndikudya. Kaya ndikulota nthiti zake, kaya ndikulota nkhwani, madzulo ilowa m'khola ndi khosi lake. Apa m'pamene fanizo la mnzanga lija likutsimphina. Chithunzi cha kunsi kwa pilo chimapweteka mkazi watsopano akachipeza. Nanga tofu wanga akupweteka yani?

Ndidadzifunsanso kuti kodi chimene ndimalakalaka mu nyama n'chiyani makamaka. Ndikapenda bwino ndimapeza mchere, mafuta, fungo la utsi, msuzi wonona woviikamo mbamu, ndi kanthu kolimba koti mano agwirepo ntchito. Ndimapezanso chikumbumtima cha Khirisimasi kumudzi, mpunga ndi nkhuku, tonse titazungulira mbale imodzi. Pa zonsezi palibe chimene dzina lake ndi imfa. Palibe munthu wabwinobwino amene amati ndiwo yakoma chifukwa mbuzi idalira kwambiri. Imfa ya chiweto ndi mtengo umene timalipira kuti tipeze zokomazo, ndipo ambiri timaulipira titatembenuza nkhope. Ngati tsono wophika wina waluso wapeza njira yondipatsira mchere, mafuta ndi msuzi popanda mtengo umenewo, iye walekanitsa chimene ndimafuna ndi chimene ndimadana nacho. Kulakalaka zokoma pakokha si tchimo. Likadakhala tchimo, bwenzi nsinjiro zili zoletsedwa.

Kutembenuza nkhope kumene ndatchulaku n'kumene ndikuganiza kuti kuli kudzinamiza kwenikweni, ndipo Achina omwewo adakuona kalekale. Mencius, wanzeru wa m'zaka za m'ma 300 B.C., adakumbutsa Mfumu Xuan ya dziko la Qi za tsiku limene idaona ng'ombe ikukokedwa kukaphedwa kuti magazi ake apatulire belu latsopano. Ng'ombeyo idali kunjenjemera, mfumu siidapirire, ndipo idalamula kuti aimasule aphe nkhosa m'malo mwake. Anthu adaiseka kuti ndi youmira. Mencius adaiuza kuti sikudali kuumira koma chifundo: ng'ombe idaiona, nkhosa siidaione. Adapitiriza kunena kuti n'chifukwa chake munthu waulemu amakhala kutali ndi kophikira. Iye adafuna kuonetsa mfumuyo kuti mbewu ya chifundo ili nayo, ingoikulitsa kuti ifike kwa anthu ake. Koma nkhosa ija idafa ndithu, ndipo malangizo otalikira kophikira amasunga mtima wa bwana uli wofewa pamene mpeni wapatsidwa kwa wantchito. Ifenso timatero. Kumudzi amatuma mnyamata kuseri kwa nyumba. M'tauni timagula nyama yodulidwadulidwa kale, yopanda maso, yopanda liwu.

Patapita zaka zambiri, mu 1237, mmonke wa ku Japan dzina lake Dogen adalemba kabuku ka malangizo kwa wophikira amonke, kotchedwa Tenzo Kyokun. Iye adaphunzitsa zosiyana ndi zija. Kwa Dogen ntchito yophika ndi ya mmonke wokhwima, osati ya wantchito wamba. Wophika atsuke mpunga ndi manja ake, asataye ngakhale njere, ndipo masamba wamba awasamale monga momwe angasamalire zakudya zapamwamba. Mencius adatulutsa munthu waulemu m'khitchini, Dogen adam'bwezamo. Ndikuona kuti chidatheketsa zimenezi ndi chakuti m'khitchini ya Dogen mudalibe choti munthu abisire maso ake. Pamenepa ndapezapo muyeso umene ndikuupereka kwa mnzanga uja: chakudya choona ndi chimene ungathe kupenyerera kapangidwe kake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osatembenuka. Tofu ndingampange mwana wa zaka zisanu akuonerera, iye n'kumandigwirira nsalu. Ndani mwa ife amene amaitana mwana wotere kuti adzaonerere mbuzi ikuzingwa?

Komabe sindifuna kumlanda mnzangayo chilungamo chonse, pakuti mfundo yake yachiwiri ili ndi mbali yoona. Munthu amene moyo wake wonse amadya tofu pokhapokha atavala chikopa cha nkhuku sadamdziwe tofu. Ajapani okha adazindikira zimenezi. Mu 1782 ku Osaka kudasindikizidwa buku lotchedwa Tofu Hyakuchin, la njira 100 zophikira tofu, zoikidwa m'magulu asanu ndi limodzi monga mwa ubwino wake. M'gulu lapamwamba kwambiri muli njira ina yosavuta zedi, yongotenthetsa tofu m'madzi ndi kumdya ndi kamsuzi pang'ono. Mpaka lero alendo amapita ku Kyoto, pafupi ndi kachisi wa Nanzen-ji, kukadya yudofu, tofu wa m'madzi otentha amene safanizira kanthu kalikonse. Lilime limaphunzira, ndipo likaphunzira limayamba kumva kukoma kumene kale silidali kukumva. Ife tomwe tili ndi umboni. Nkhwani wotendera sadzitcha nyama. Chipere, chimene amayi amapanga pochotsa makoko a nyemba ndi kuzipota, ndi mbale wake wa tofu, ndipo sichidapemphepo dzina kwa nkhuku. Choncho ndikuvomera kuti chofanizira ndi ndodo ya munthu amene mwendo ukadali kuchira. Chimene ndikukana ndi chakuti woyenda ndi ndodo sakuyenda. Tikati munthu asachite chabwino kufikira mtima wake utayera mbee, ndiye kuti zabwino zidzachitika zochepa kwambiri pansi pano, chifukwa ambiri a ife manja amatsogola, mtima n'kumatsatira pambuyo.

Pali ngozi ina imene mnzanga sadaitchule, ndipo ndi imene ndimaiopa koposa. Ndiyo kunyada. Munthu akasiya nyama sachedwa kuyamba kudziona ngati woyera pakati pa odetsedwa. Pano pa sukulu ndingathe kukankha mbale ya ng'ombe chifukwa ilipo yoti ndikankhe. Kwathu kumudzi mabanja ambiri amaona nyama pa Khirisimasi, pa ukwati, pa maliro, kapena kukabwera mlendo. Masiku ena onse ndi masamba, nyemba, mwina usipa. Iwo sadasale kanthu, ndi umphawi udawasalitsa, ndipo kungakhale kupanda ulemu kuti ine wokhuta ndikawalalikire za chifundo kwa ziweto. Mwana wotupikana chifukwa chosowa zakudya m'thupi akapeza dzira kapena kachidutswa ka nyama, adye, ndipo wom'maniza ndi wankhanza. Ngakhale kwa ine, tofu alibe vitamini B12, imene thupi limaipeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, kotero kuti wosiya zonsezi ayenera kumwa mapilitsi ake. Ndiponso munda wa soya suli wopanda imfa: khasu limadula nyongolotsi, mankhwala amapha tizilombo, mbewa zimakumbidwa. Palibe wodya amene manja ake ali oyera kotheratu. Chimene munthu angathe ndi kuchepetsa, ndipo lamulo lochepetsalo limamanga yekhayo amene ali ndi mpata wosankha.

Pa kuchepetsako soya ali ndi phunziro lake. Mwa soya yense wolimidwa pa dziko lapansi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amadyetsedwa kwa ziweto, ndipo amene anthu amadya mwachindunji monga tofu kapena mkaka ndi wochepa kwambiri. Ngakhale soya wa alimi a ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, wambiri amathera m'zakudya za nkhuku. Nkhukuyo imadya zambiri kuposa zimene imabweza, pakuti zina zimapita ku nthenga, ku mafupa ndi ku kutentha kwa thupi lake. Mlimi amagulitsa soya wake motchipa, n'kulephera kugula nkhuku imene yanenepa ndi soya yemweyo. Tikayang'ana motere, mwina dzina lija tidalitembenuza. Timati tofu ndi nkhuku yonamizira, pamene nkhuku ya m'sitolo ndiyo soya amene wayenda njira yaitali.

Zonsezi n'zosavuta kulemba uli pa desiki. Mayeso enieni adandipeza pa tchuti. Nditangofika kumudzi, ndisanavule n'komwe nsapato, ndidamva phokoso kuseri kwa nkhokwe, ana akuthamangitsa nkhuku. Kwathu mlendo amamphera nkhuku, ndipo mwana wochokera ku sukulu yaukachenjede ndi mlendo. Pamene ndidati ndilankhule, ntchito idali itatha kale. Ndidakumbukira lamulo lija la amonke akale: iyi ndidaimva ndi makutu anga, ndipo adaiphera ine ndithu. Ndiye nyama imene ngakhale lamulo lofewalo limakana. Koma amayi adali atagwada pakhomo ndi mbale yovundikira, nkhope ili mwee, atapereka chinthu chamtengo wapatali koposa pa khomo lawo. Ndikadakana, nkhuku sikadauka, koma amayi akadagona ndi chilonda. Ndidadya, ndipo sindinama, idakoma. Mpaka lero sindinena kuti ndidachita bwino kotheratu. Ndidasankha cholakwa chimene ndidachiona chaching'ono. Cholakwa chachikulu chidali cha m'mbuyo, chakuti ndidachita manyazi kuwauziratu.

Tchuti chotsatira ndidaimba foni kukadali sabata. Amayi adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Kodi walowa mpingo wina?" Ndidati iyayi. "Nanga ukudwala?" Ndidati iyayi, ndidzafotokoza ndikafika, koma nkhuku ija yamawangamawanga musaigwire, ndipo mundiviikire soya. Nditafika tidasinja limodzi, mlongo wanga akufinya nsalu. Mkaka utagwirana amayi adaseka nati, "Mwana wanga, ulendo wonsewu wa sukulu ukaphunzire chambiko cha nyemba?" Koma pokazinga adandilanda chipande, ati ndikuchepetsa anyezi, ndipo adathiramo tomato ndi kambuzi monga amachitira ndi nkhuku. Bambo adadya osalankhula, n'kutenganso kachiwiri, ndipo posamba m'manja adati, "Nkhuku yakoyi ndi yabwino kwa ife opanda mano. Koma ilibe fupa loti munthu atsalire nalo." Sadatembenuke mtima, ndipo sindidawapemphe kutero. Ndikudziwa kuti nkhuku zina za pakhomopo zidadyedwa ine nditachoka. Koma mwambo udasungika, chifukwa mlendo adamphikira ndiwo yapadera imene idawatayitsa nthawi ndi thukuta, ndipo ndidaona kuti ulemu wa nkhuku ya mlendo udali m'kuvutikira kumeneko.

Tsono kwa mnzanga wa malamulo uja yankho langa ndi ili. Nkhuli ndikadali nayo, ndipo sindibisa. Ndikadya nyama ya soya kapena tofu wokazinga, mwina mtima umakumbukadi zakale. Koma palibe amene ndamnamiza, palibe chimene chafa kuti ine ndikumbuke, ndipo palibe gawo la kaphikidwe kake limene ndiyenera kulibisira maso anga. Ngati iye akuti chifundo chosayera mtima si chifundo, andiuze kuti ndi angati mwa ife amene akadabweza ndalama yotola, kapena kugwira mkwiyo, akadayamba adikira kuti chilakolako chife. Ndamva kuti akukonza zondiyankha m'kope likudzali, ndipo ndikumdikira. Ndingomuuziratu kuti nkhuku yamawangamawanga ija idaswa anapiye asanu ndi awiri, ndipo kabawi atatengapo awiri, asanu akuyendayenda pabwalo.